Tsamba la Mlamu Wanga

Lolemba, 8 Novembala 1965

Dipatimenti ya Chigiriki ndi Chilatini aipha lero m'mawa, pamsonkhano wa 9 koloko. A Chanda, mkulu watsopano amene boma latitumizira chitengereni koleji ino kwa amishoni, akuti dziko likufuna anthu oyeza miyala ya kopa kumigodi ndi otaipa makalata, osati olankhula ndi anthu amene anafa kalekale. Aphunzitsi ena anaseka. Mdala Vermaak, yemwe waphunzitsa zilankhulo ziwirizi kuyambira 1938, anangovula magalasi n'kumawapukuta ndi tayi. Akubwerera kwawo kummwera koyambirira kwa Disembala.

Ine ndinali pakhomo ndi thireyi ya tiyi. Potuluka a Chanda anati, "Ba Sakala, imwe muli ndi nthawi, mukasankhule mapepala a m'chipinda chija." Milu itatu akuti: wopita ku Lusaka kosungira zakale, wopita ndi Mdala, ndi wopita pamoto.

Mesenjala ndiye amakhala ndi nthawi, eti. Palibe amene wakumbuka kuti m'chipinda chomwecho ndinakhalamo zaka zitatu pa desiki yakutsogolo, ndisanayambe kunyamula makapu a anthu.

Lachiwiri, 9 Novembala

Fumbi lokhalokha. Makabati anayi, imodzi chiswe chaidya kumsana mpaka mafayilo a 1941 asanduka dothi. Mapepala a mayeso omangidwa ndi chingwe chofiira, chaka chilichonse mtolo wake. Makalata a Mdala opempha madikishonale, zaka makumi awiri akupempha chinthu chimodzi. Mapu a dziko la Aroma ong'ambika pakati. Mutu wa pulasitala wa mzungu wina wopanda mphuno, umene tinkauveka chipewa Mdala akatuluka.

Ndafunafuna mtolo wa 1959. Ulipo, koma mapepala anga mulibe, ngakhale a anzanga asanu aja. Ndinkadziwa kale, manja okha ndiwo sanamve.

Ndilembe pano, poti kunyumba nkhaniyi sitiikamba. Malichi 1959, titangomaliza mayeso otsiriza, tinakumana anthu asanu ndi mmodzi kuseri kwa nkhokwe ya koleji kukamba za ufulu. Sitinaphwanye ngakhale zenera limodzi. Patapita masiku atatu apolisi anafika ndi mayina athu olembedwa bwinobwino. Anatichotsa sukulu, n'kutiuza kuti mayeso athu awang'amba osachonga. Atate anali atauza mpingo wonse ku Katete kuti mwana wawo adzakhala m'busa wowerenga Mawu m'Chigiriki. Sanandilankhulenso bwino mpaka tsiku limene tinawaika m'manda.

Amene anatigulitsa sindinamudziwe. Zaka zisanu ndi chimodzi ndakhala ndikumuveka nkhope za anthu osiyanasiyana.

Lachinayi, 11 Novembala

Wailesi ya mu ofesi yalira tsiku lonse za azungu a ku Rodeshiya amene adzitengera dziko. Anthu aunjikana, ena akutukwana. Ine sindinamve zambiri. Ndapeza buku lobiriwira.

Linali pansi penipeni pa kabati yachinayi, lokulungidwa m'nsalu. Buku lalikulu, wophunzira aliyense tsamba lake: dzina, kwawo, malikisi, ndipo m'munsi ndemanga ya Mdala. Ndemanga zonse n'za m'Chilatini. Ndakumbuka tsopano kuti ankanyada nazo, ankati amalemba choncho kuti makalaliki ndi mamesenjala asamawerenge zinsinsi za dipatimenti. Ndiye lero bukulo alipereka kwa mesenjala mmodzi yekha m'Ndola muno amene amamva Chilatini. Ndinaseka ndekha ngati wamisala.

Ndinayamba ndi tsamba langa. Chigiriki 88, Chilatini 91. Kani anachonga! M'munsi mwake: wopambana onse amene ndaphunzitsa, wachotsedwa pa zifukwa za ndale, zotsatira zisaperekedwe. Ndinakhala pasimenti.

Kenaka ndinatsegula la Absalom, mwachibwana chabe, kuti ndikamuseke Lasabata. Absalom Njobvu, amene tinkagona chipinda chimodzi, amene anandinyamulira sutikesi mpaka kusiteshoni akulira mamina chuchuchu. Chigiriki 23, Chilatini 31. Ndemanga: walephera zonse ziwiri, satifiketi yaperekedwa molamulidwa ndi mkulu wa koleji, chifukwa ndiye anatibweretsera mayina asanu ndi limodzi aja.

Ndawerenga kanayi. Ndinatenga dikishonale poganiza kuti mwina ndaiwala. Sindinaiwale chilichonse.

Lachisanu, 12 Novembala

Disembala wa 1959 womwewo ndinaimirira m'tchalitchi ngati nkhoswe, n'kupereka mlongo wanga Damaris kwa munthu ameneyu. Ndi dzanja langali. Ndinamuuza kuti, "Alamu, mundisungire." Iye anati, "Musadandaule, achimwene."

Galu.

Loweruka, 13 Novembala

Mkazi wanga Matilda wafunsa ngati ndili ndi malungo. Ndati ndi fumbi la mapepala.

Lasabata, 14 Novembala

Titatuluka m'tchalitchi tinakwera basi ya ku Kitwe kukaona Damaris ndi Absalom, monga tinapangana kale. Ndikanakana, Matilda akanafuna chifukwa.

Nkana West. Chaka chatha anali ku Chamboli m'kanyumba ka zipinda ziwiri ngati anthu ena onse, lero ali m'nyumba imene munkakhala mzungu, kapinga kutsogolo, mitengo ya mango kuseri, galimoto pakhomo. Kampani ya mgodi inamukweza kukhala ofisala woona za antchito chifukwa cha satifiketi ija. Aipachika m'felemu pabalaza, pamwamba pa wailesi. Ndinakhala moyang'anizana nayo maola atatu.

Damaris ali ndi pakati pena, pachinayi. Anamukoka Matilda kukamuonetsa mpopi wa madzi otentha, akuseka ngati kamtsikana. Jenny, mwana wawo woyamba, anandikwera pamiyendo n'kumandiwerengera m'Chizungu mpaka twente. Pa chakudya Damaris anasimba za anzawo a nyumba yachitatu kuchokera pawo: bambo anachotsedwa ntchito Lolemba, pofika Lolemba linalo katundu ali panja. "Nyumba za kampani n'zobwereka, achimwene. Ine ndimapemphera tsiku lililonse kuti abambo a Jenny asalakwitse kanthu."

Mwini wake anali pampando waukulu, mimba patsogolo. Ndinamuuza kuti dipatimenti yatsekedwa ndipo mapepala ndikusankhula ndine. Supuni inaima m'malere. Kenaka anati, "Shame. Chilatini chimanola ubongo, alamu. Ine chandifikitsa pano." Ndinavomera kuti inde, chakufikitsanidi.

Chimene chandiwawa kwambiri n'chakuti nkhuku inali yokoma, ndipo ndinadya.

Lachiwiri, 16 Novembala

Mdala anabwera kudzatenga mabuku ake. Ndinatseka chitseko n'kumuikira buku lobiriwira patebulo, lotsegula pa tsamba la Absalom. Anawerenga, makutu n'kufiira psuu.

"Mathias, wawerenga? Ndinaiwala kuti iwe..." Sanamalize.

Ndinamufunsa kuti zaka zonsezi ndakhala ndikumubweretsera tiyi, bwanji sanandiuze kuti ndinakhoza. Akuti analamulidwa. Akuti iye anakana kusaina satifiketi ya Absalom, anasaina ndi mkulu wakale uja, ndipo analemba zonse m'bukumo kuti choonadi chikhale penapake. Penapake! Pansi pa kabati, m'chilankhulo cha akufa, chiswe chikuyandikira. Choonadi chimenecho chinandithandiza chiyani ine ndikupalasa njinga ya koleji kupita ku positi ofesi mvula ili pamsana?

Pomaliza akuti, "Ika pa mulu wa moto, mwana wanga. Zinapita zimenezo." Ndinati, "Chabwino, bwana." Ameneyunso ndili naye mawu, koma ayambe wadikira. Iye mlandu wake ndi wotseka pakamwa, winayo anatsegula.

Lachitatu, 17 Novembala

A Chanda akonza tiyi wotsanzikana ndi Mdala, Loweruka pa 27. Aitana akulu a mpingo, akuluakulu a chipani a m'dera lino, ndi mzungu wa kampani ya mgodi woyang'anira antchito, poti kampaniyo ndiyo ikutipatsa makina otaipira. Wolankhula m'malo mwa ophunzira akale: Bambo A. Njobvu a ku Nkana West. Kalata yomuitana ndakaponya ndine.

Andiuza kuti ndiyale tebulo la zinthu zakale zoti alendo aone. Ndinati, "Bwana, bwanji mlendo wathu atiwerengere tsamba lake m'buku la dipatimenti n'kutimasulira, anthu amve Chilatini komaliza?" A Chanda anaomba m'manja. "Chisuma sana, ba Sakala, zabwino kwambiri!" Anayang'ana tsambalo n'kumagwedeza mutu ngati akumva. Chilatini chawo ndi cha ku Misa, amachiimba koma sachimva. Ndawapempha kuti asauze munthu, chikhale chodzidzimutsa.

Sindimumenya, sindimutukwana. Adzadziwerengera yekha mlandu wake, bwana wake ali pomwepo.

Lachisanu, 19 Novembala

Ndamuuza Matilda. Analira kaye chifukwa cha malikisi anga, manja kumutu, akungoti 91, 91. Nditafika pa za Loweruka anapukuta misozi.

"Nanga Damaris?"

Ndinati Damaris sanagulitse munthu.

"N'chifukwa chake ndikufunsa. Mwamunayo akamuchotsa ntchito, nyumba ija ipita. Mayi wapakati ndi ana atatu alowera kuti? Inu ndinu nkhoswe, ndinu malume. Itanani akulu awiri a mpingo, mumukhazike pansi m'nyumba, apepese."

Apepese! Ine anandichotsa pamaso pa sukulu yonse, pa asembule, dzina langa likuwerengedwa ngati la mbala. Atate anafa akundiyesa chitsiru. Ndiye iye apepese m'chipinda, chitseko chotseka, kenaka akwere galimoto yake azipita? Ayi. Pagulu anandivula, pagulu ndimuvula.

Matilda akuti sindikulankhula ngati mkhristu. Mwina. Ndidzalapa pa 28.

Loweruka, 20 Novembala

Hafu de, tinaweruka masana. Ndinatsalira m'chipinda chija kuwerenga masamba a anzanga asanu. Onse anakhoza, ngakhale Jairus Mbewe amene ankagona m'kalasi. Jairus lero amagulitsa makala panjinga kuno ku Ndola. Wina mwala unamuphwanya mwendo pansi pa mgodi. Wina anabwerera kumudzi, mowa wamumaliza. Awiri sindikudziwa kumene ali. Kalasi yonse ya 1959 munthu amene analephera anali mmodzi, ndipo ndi amene akusamba madzi otentha.

Ndamanga makatoni asanu ndi awiri a ku Lusaka. Mutu wopanda mphuno uja palibe akuufuna.

Lolemba, 22 Novembala

Absalom wabwera. 11 koloko, galimoto mpaka pakhomo la dipatimenti, suti yabulawuni. Anandipeza kuseri ndikusonkhezera moto mumgolo, mulu wachitatu uja. Anayamba ndi za mvula, za mafuta a galimoto amene akuti asowa chifukwa cha Rodeshiya. Maso ali pamgolo.

"Alamu, kunali buku lina lalikulu, lobiriwira. Mwaliona?"

Ndinati mabuku obiriwira ndi ambiri.

"Lija la malikisi. Zinthu zija n'za atsamunda, zilibe ntchito m'Zambia watsopano. Kungowotcha chabe." Kenaka anatsitsa mawu. Akuti ku ofesi kwawo kukufunika kalaliki mu Januwale. Nyumba ku Chamboli, magetsi, sukulu ya ana pafupi. "Ndakhala ndikukuganizirani, alamu. Munthu wamutu ngati inu simungafere panjinga."

Zaka zisanu ndi chimodzi sanandiganizirepo, lero waona utsi ndiye wandiganizira. Akudziwa zimene zili m'bukumo, kapena akuziopa. Ndinaloza mgolo n'kunena kuti linapsa Lachisanu. Anapuma mpweya wautali mpaka kundigwira paphewa. Dzanja lake linali lonyowa.

Ndisaname, nyumba ya ku Chamboli yandizungulira m'mutu masana onse. Ife tili anthu asanu m'zipinda ziwiri ku Kabushi. Koma anandigulitsa kale, tsopano akufuna andigule. Buku lili m'chikwama cha makalata, pansi pa jasi langa la mvula.

Lachinayi, 25 Novembala

Damaris watumiza mango thumba lonse ndi kondakitala wa basi, ndi kakalata. Akuti Loweruka abwera nawo, wasoketsa diresi, ndimusungire malo kutsogolo.

Sindinaganize kuti abwera. Ndinakhala ndi kakalatako m'manja kanthawi ndithu. Ndikanatha kumuyankha kuti ndi pakati pakepo asavutike ndi ulendo. Kenaka ndinati ayi, aone yekha munthu amene amamuphikira. Mango ndapatsa ana, ine sindinalawe.

Loweruka, 27 Novembala

Zatheka. Ndilembe zonse ndisanaiwale kalikonse.

Holo inadzaza. Kutsogolo Mdala ndi duwa pachifuwa, a Chanda, mzungu wa kampani, akulu a mpingo, achipani atatu ndi mabaji awo. Damaris mzere woyamba, diresi yachikasu, pamalo pamene ndinamusungira. Absalom analankhula mphindi makumi awiri za mmene Chilatini chinamuphunzitsira kukhulupirika. Anthu m'manja phwaphwaphwa.

Kenaka a Chanda anati pali kanthu kapadera, n'kundikodola. Ndinatulutsa buku pansi pa nsalu ya tebulo, ndinayenda nalo pang'onopang'ono, ndinalitsegula n'kumuikira m'manja. Anayang'ana buku, anayang'ana ine. Nkhope imeneyo sindidzaiiwala, ndipo sindikufuna kuiiwala.

Anawerenga ngati mwana wa Sabu A, kalasi yoyamba, liwu limodzilimodzi, thukuta likudonthera patsamba. Atamaliza a Chanda anati, "Tanthauzo lake, ba Njobvu?" Absalom anayang'ananso tsambalo. "Akuti... wophunzira wakhama, wothandiza aphunzitsi ake." Anthu anayambanso kuomba m'manja.

Apa mpata unalipo. Ndikanangotenga buku n'kubwerera pakona panga, iye akanadziwa kuti ndikudziwa, basi. Damaris anali akumwetulira, akuyang'ana ine kuti nanenso ndinyadire. Zonsezo ndinaziona, komabe ndinakweza mawu.

Ndinati pepani, mlendo wathu wadumpha pang'ono. Ndinawerenga Chilatinicho mokweza monga anatiphunzitsira, kenaka ndinamasulira m'Chinyanja, m'Chibemba ndi m'Chizungu kuti pasapezeke wotsalira. Malikisi omwe ndinatchula. Mayina asanu ndi limodzi aja ndinawatchula limodzilimodzi, langa pomaliza.

Wachipani wina anaimirira n'kufunsa Mdala ngati mesenjalayu akunena zoona. Mdala anayang'ana pansi. "Wamasulira bwino," anatero. "Sakala sankalakwitsa."

Mzungu wa kampani anapempha kuona tsambalo n'kulemba kanthu m'kabuku kake. Wina kumbuyo anakuwa kuti kapirikoni, dzina lija la ogulitsa anzawo kwa atsamunda. Absalom anatulukira khomo lakumbali. Damaris anakhala pomwepo mpaka anthu onse atatuluka, manja ali pamimba, kenaka ananyamuka kupita kokwerera basi, poti galimoto inali itapita. Matilda anamutsatira. Ine ndinatsala ndikusonkhanitsa makapu.

Ndinene zoona, zinakoma. Mtima unapepuka ngati ndatula thumba la simenti.

Lasabata, 28 Novembala

Sindinalape. Ku tchalitchi ena andigwira chanza ndi manja awiri, ena andilambalala. Abusa akuti tidzakambirane. Jairus wamva, anabwera masana makala ali kumaso, anandikumbatira mpaka kundidetsa malaya a Sabata. Ndinamuuza malikisi ake. Anaseka, kenaka analira, kenaka anafunsa ngati tikufuna makala.

Matilda akundiyankha ndi mawu amodziamodzi.

Lachiwiri, 30 Novembala

A Chanda andikalipira chifukwa chowononga phwando lawo. Atamaliza anandipatsa kalata yotaipa, yachidindo, yonena kuti ndinakhoza mu 1959. Mdala wasaina, koma ine akundizemba m'makonde. Buku lobiriwira lapita ku Lusaka ndi makatoni ena, palibenso amene angaliwotche.

Kalatayo ndinaiwerenganso ndili panjinga, pang'ono ndigunde mbuzi.

Lachinayi, 2 Disembala

Kondakitala wabweretsa za ku Kitwe. Absalom anamuimitsa ntchito Lolemba, dzulo amuchotseratu. Anyamata ena anaphwanya mazenera a nyumba ija ndi miyala. Iye sakuoneka chiyambire Lachiwiri, ena akuti wawolokera ku Congo, ena akuti ali ku Livingstone. Ine ndinkafuna ndidzamuone akuyenda wapansi, nsapato zitang'ambika, n'kundipatsa moni. Wandimana chimenecho. Wamantha mpaka pomaliza.

Ndinafunsa ngati ana anavulala. Akuti ayi.

Loweruka, 4 Disembala

Lole ya kampani inaima pakhomo cha m'ma 3 koloko, mvula ikuwaza. Anatsitsa bedi, matiresi awiri, mapoto ali m'bafa, mbaula, wailesi. Dalaivala sanazimitse n'komwe injini. Anthu a mu laini yonse anatuluka kudzaonerera.

Damaris anatsika pomaliza, akugwirira chitseko chifukwa cha mimba, ana atatu kumbuyo kwake. Sanandipatse moni. Anagwada pakhomo, m'matope momwemo.

"Ankhoswe, ukwati munamanga uja watha. Ndabwera kwa mwini mbumba."

Ndinayamba kumufotokozera. Ndinati sukudziwa zimene munthu uja anandichita, ndinati atate, ndinati zaka zisanu ndi chimodzi panjinga. Anandisiya mpaka ndinamaliza.

"Ndikudziwa, achimwene. Anandiuza yekha Jenny ali wa miyezi iwiri, akulira. Ndinati ndikakuuzani mudzachita zimene mwachitazi."

Zaka zisanu wakhala akundithirira madzi osamba m'manja, akudziwa. Ndinafuna kukalipa koma Jenny anali atandigwira kale buluku, akunjenjemera ndi kuzizira.

Matilda anangoyamba kulowetsa mapoto. Tebulo talitulutsa kuti matiresi akwane, ndiye ndikulembera pabondo, pakhonde. Anthu asanu ndi anayi m'zipinda ziwiri, wakhumi akubwera mu Febuluwale. Damaris ali mkatimo akuyala. Wangondifunsira pazenera, osandiyang'ana, kuti denga limadontha mbali iti.